PHUNZIRO KWA ALANGIZI: KUCHOTSA CHIPHE M'CHINANGWA CHOWAWA TISANACHISUNGE

Mau Oyamba

Chinangwa ndi mbewu imene imapulumutsa mabanja ambiri m'chigawo chathu chino pamene chimanga chakanika. Ku Nkhata Bay ndi ku Nkhotakota m'Malawi, ku Luapula m'Zambia, ndiponso ku Nampula ndi ku Zambezia m'Mozambique, nsima ya chinangwa ndiyo chakudya cha tsiku ndi tsiku. Koma chinangwa chikakumbidwa sichikhalitsa. Pakangopita masiku awiri kapena atatu chimayamba kuda mizeremizere m'kati mwake. N'chifukwa chake alimi amachiyanika kuti chikhale makaka, kapena amachiviika ndi kuchisinja kuti apeze ufa wa kondowole.

Ntchito imeneyi ili ndi zolinga ziwiri: kusunga chakudya ndi kuchotsa chiphe. Makaka angathe kuuma bwino, osachita nkhungu, koma ali ndi chiphe chokwanira kupuwalitsa mwana. Phunziro lino likufotokoza kumene chiphechi chimachokera, m'mene chimachokeramo, ndi zimene mlangizi ayenera kuphunzitsa m'dera lake.

Gwero la Chiphe

Mitundu yonse ya chinangwa ili ndi mankhwala achilengedwe otchedwa linamarin. M'mitundu yozuna, monga Mbundumali amene ena amati Manyokola, mankhwalawa ndi ochepa m'kati mwa muzu. M'mitundu yowawa, monga Gomani, ndi ochuluka kwambiri. Makungwa ndi masamba amakhala nawo ambiri kuposa m'kati mwa muzu.

Pambali pa linamarin, chinangwa chili ndi chinthu china chotchedwa linamarase, chimene ntchito yake ndi kuphwanya linamarin. Muzu ukakhala wathunthu, ziwirizi zimakhala zosiyana malo ndipo sizikumana. Muzu ukasinjidwa, ukapalidwa kapena ukafewa m'madzi, zimakumana, ndipo linamarin amasanduka shuga ndi mankhwala ena otchedwa acetone cyanohydrin. Mankhwala amenewanso amaphwanyika n'kutulutsa hydrogen cyanide, chomwe ndi chiphe chenicheni. Mwayi wake ngwakuti hydrogen cyanide amasanduka mpweya pa kutentha kwa madigiri 26 okha, kotero kuti amauluka yekha akapeza potulukira.

Pamenepa tiyenera kugwirapo mfundo zitatu. Kuti chiphe chichoke, muzu uyenera kuphwanyika, payenera kukhala chinyezi, ndipo payenera kupita nthawi yokwanira. Linamarase sagwira ntchito pouma, ndipo amafa ndi moto. Chinangwa chouma msangamsanga padzuwa, kapena chowawa chophikidwa chathunthu, chimasunga linamarin wambiri, amene amakatulutsira chiphe m'mimba mwa munthu.

Tizindikirenso kuti chilala chimachulukitsa linamarin m'mizu. Mtundu umene unali wosaopsa m'chaka cha mvula yabwino ungathe kuwawa kwambiri m'chaka cha ng'amba, nthawi yomwenso madzi oviikira amasowa ndipo anthu ali ndi njala yosadikira.

Zotsatira Zake pa Anthu

Munthu akadya chiphe chambiri nthawi imodzi amamva chizungulire ndi mutu, amasanza, amatsegula m'mimba, ndipo nthawi zina amamwalira. Akamadya ufa wosakonzedwa bwino kwa milungu ingapo popanda ndiwo zomanga thupi, angathe kugwidwa ndi matenda a konzo. Miyendo yonse iwiri imauma mwadzidzidzi, wodwala amayenda monyang'ama kapena amalephereratu kuyenda, ndipo kupuwalako sikuchira. Ana ndi amayi a msinkhu wobereka ndiwo amagwidwa kwambiri. Matendawa si opatsirana.

Konzo anafotokozedwa koyamba ndi dokotala Giovanni Trolli m'chaka cha 1938 ku Congo. M'chaka cha 1981, nthawi ya chilala, anthu oposa 1,000 anapuwala m'chigawo cha Nampula, kumene matendawa amawatcha mantakassa. Anabukanso m'boma la Mogincual m'zaka za 1992 ndi 1993, nkhondo ili kumapeto ndiponso itangotha, ndipo ku Tarime m'Tanzania anaoneka m'chaka cha 1985. Ofufuza a ku Bandundu m'Congo anapezanso chifukwa china: amayi anafupikitsa masiku oviika chinangwa pofuna kugulitsa msanga kwa amalonda. Kotero si njala yokha imene imabweretsa ngoziyi. Msikanso ungathe kuibweretsa.

Thupi limachotsa chiphe chochepa pochisandutsa thiocyanate amene amatuluka mu mkodzo. Kuti lichite zimenezi limafuna sulphur wochokera m'zakudya zomanga thupi monga nsomba, mazira, nyama, nyemba ndi mtedza. Thiocyanate akachuluka amalepheretsa thupi kugwiritsa ntchito ayodini, ndipo izi zimakulitsa vuto la chithokomiro kumene ayodini ndi wosowa kale.

Kuyerekeza Njira Zokonzera

Bungwe la World Health Organization linaika malire akuti ufa wa chinangwa usapitirire mamiligalamu 10 a cyanide pa kilogalamu imodzi. Kafukufuku wa ku Mozambique amene anasindikizidwa m'chaka cha 2005 anaonetsa kusiyana kwa njira motere:

1. Kusenda ndi kuyanika padzuwa kokha kumasiya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a chiphe.

2. Kuvundika pa mulu kwa masiku angapo musanayanike kumasiya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi mpaka asanu ndi atatu.

3. Kuviika m'madzi mpaka chitafewa, kapena kupala, kufinya ndi kukazinga, kumasiya pafupifupi magawo awiri okha mwa magawo 100.

Apa zikuonekeratu kuti njira ya makolo athu a m'mbali mwa nyanja, yoviika chinangwa chosenda kwa masiku atatu mpaka asanu, ili ndi maziko enieni a sayansi. M'nyengo yozizira masiku ayenera kuonjezeredwa. Chizindikiro chake ndi chakuti muzu wonse ufewe mpaka pakati, wotheka kuufinya ndi dzanja. Madzi oviikirawo atayidwe kutali ndi ana ndi ziweto, ndipo chinangwacho chiyanikidwe pa thandala, osati pansi.

Njira Yonyowetsa Ufa

Kumadera kumene madzi ndi ochepa, kapena kumene banja lagula ufa pamsika osadziwa m'mene unakonzedwera, pali njira ina imene katswiri wa mankhwala Howard Bradbury wa ku Australian National University anaifalitsa m'chaka cha 2006, ndipo inayesedwa ndi amayi a ku Mozambique. Ufa wa makaka umakhala udakali ndi linamarase wamoyo amene anangoima ntchito chifukwa cha kuuma. Tikaunyowetsa, amayambiranso ntchito yake. Chitani motere:

1. Thirani ufa m'mbale ndipo ikani chizindikiro pamene ufawo walekezera.

2. Thirani madzi pang'onopang'ono mukuvundula. Ufa uyamba watsika, kenaka ukwera. Lekani kuthira ukafikanso pa chizindikiro chija.

3. Yalani ufa wonyowawo m'lichero kapena pa mphasa yoyera, osapitirira sentimita imodzi kuchindikala kwake, ngati kutalika kwa chikhadabo.

4. Usiyeni maola asanu pamthunzi, kapena maola awiri padzuwa, pamalo opita mphepo.

5. Phikani nsima tsiku lomwelo. Ufa wonyowa usasungidwe.

Njira imeneyi imachepetsa chiphe katatu mpaka kasanu ndi kamodzi. Itaphunzitsidwa kwa amayi a m'mudzi wa Kay Kalenge ku Congo kuyambira m'chaka cha 2010, sipanaonekenso wodwala konzo watsopano m'nthawi yonse ya kafukufukuyo. Komabe sigwira bwino ntchito pa ufa wowawasa kwambiri, ndipo siyilowa m'malo mwa kuviika kumene madzi alipo.

Masamba a chinangwa, amene timaphika ngati chigwada, nawonso ayenera kusinjidwa mpaka atasalala asanaphikidwe, ndipo mphika ukhale wosavundikira kuti mpweya woipa utuluke.

Kuyeza Chiphe Kumudzi

Gulu la Bradbury linakonzanso kachipangizo kapafupi koyezera chiphe. Woyeza amaika mamiligalamu 100 a ufa m'kabotolo pamodzi ndi madzi pang'ono, kapepala kokhala ndi linamarase, ndi kapepala kena kachikasu konyikidwa m'mankhwala a picrate. Kabotolo kakatsekedwa usiku wonse, kapepala kachikasu kaja kamasintha mtundu, kumka kofiirira malinga ndi kuchuluka kwa chiphe, ndipo amakayerekeza ndi tchati cha mitundu. Alangizi afunse ku malo a kafukufuku a m'dziko lawo ngati angathandizidwe kuyeza ufa wa m'misika, makamaka m'chaka cha chilala.

Udindo wa Mlangizi

Tisathamangire kuuza alimi kuti asiye mitundu yowawa. Kafukufuku amene Linley Chiwona-Karltun ndi anzake anachita ku Nkhata Bay anaonetsa kuti amayi amasankha dala mitundu yowawa chifukwa mbala ndi nyama zakutchire siziikonda, ndipo anaonetsanso kuti lilime la mlimi limazindikira ndithu chinangwa choopsa. Mlimi amadziwa kale za kuwawa. Chimene tiyenera kumuthandiza ndi kusadumpha masiku oviika, ngakhale njala kapena wogula atamufulumiza.

Popeza ufa ndi makaka zimadutsa malire a mayiko athu tsiku ndi tsiku, uthenga wathu ukhale umodzi mbali zonse. Mukamva kuti anthu a banja limodzi akuchita chizungulire ndi kusanza akadya nsima ya chinangwa, kapena kuti mwana wauma miyendo mwadzidzidzi, atumizeni kuchipatala ndipo dziwitsani a zaumoyo tsiku lomwelo.

Mafunso Okambirana

1. N'chifukwa chiyani makaka ouma msanga amakhala ndi chiphe chambiri kuposa chinangwa choviika?

2. Kodi m'dera lanu amayi amaviika chinangwa masiku angati, ndipo ndi miyezi iti imene amafupikitsa masikuwo?

3. Ndi ndiwo ziti zomanga thupi zimene mabanja osauka a m'dera lanu angazipeze m'nyengo ya njala?