Mapazi pa Ulendo, Mtima ku Sodomu

Kuwerenga: Genesis 19:15-26, Luka 17:28-33, 1 Yohane 2:15-17

M'Baibulo muli mayi wina amene dzina lake sitilidziwa, ndipo palibe liwu lake ngakhale limodzi limene linalembedwa. Komabe pamene Ambuye Yesu ankaphunzitsa za tsiku la kubweranso kwake, anachenjeza ophunzira ake kuti asamuiwale mayi ameneyu (Luka 17:32). Iyeyu ndiye mkazi wa Loti. Anatuluka m'mudzi woyenera chiwonongeko, koma ku malo a chipulumutso sanafikeko. Tiyeni tione chimene chinamugwetsa pa njira, kuti ifenso tidziyese.

Kulowa pang'onopang'ono

Banja la Loti silinalowe mu Sodomu tsiku limodzi. Loti atapatukana ndi Abramu, anaona kuti chigwa cha Yordano chili ndi madzi ambiri, ndipo anachisankha, namanga mahema ake kufupi ndi Sodomu (Genesis 13:10-12). Pa mutu 14 tikumupeza akukhala m'kati mwa mudziwo. Pa mutu 19 wakhala pa chipata, pamene akuluakulu a mudzi ankasonkhana. Makolo athu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Dziko lapansi limakoka chomwecho. Lero muli pafupi, mawa mwalowa, mkuja mwazolowera.

Nchiyani chinamucheutsa?

Tsiku la chiweruzo litafika, Loti anazengereza. Angelo anachita kugwira dzanja lake, la mkazi wake ndi a ana awo aakazi awiri, nawatulutsa chifukwa cha chifundo cha Yehova. Onse anamva lamulo limodzi, lakuti athawe osayang'ana kumbuyo. Koma mayiyu anacheuka, nasanduka mchere pomwepo.

Taonani zimene Yesu akutchula za anthu a masiku a Loti: kudya, kumwa, kugula, kugulitsa, kubzala ndi kumanga. Kodi pali choipa pa zimenezi? Iyayi. Ndi ntchito zimene inu ndi ine timachita tsiku ndi tsiku. Choopsa chinali chakuti zinadzaza mitima yawo mpaka Mulungu anasowa malo. Mapazi a mkazi wa Loti anali pa ulendo, koma mtima unatsala ndi zimene anasiya.

Kucheuka kwathu lero

Choyamba ndi mpikisano. Mnzanu wavala chitenge chatsopano ku kitchen party, inunso mtima suli m'malo. Mutenga kaloba, kapena mugwira ndalama ya feteleza ndi ya sukulu ya ana, kuti anthu akutameni tsiku limodzi. Phwando litha, ngongole itsala, ndipo m'nyumba muyamba mabodza. Yohane akutchula chilakolako cha maso ndi kudzitamandira ndi za moyo uno pakati pa zinthu zosachokera kwa Atate.

Chachiwiri ndi kudalira mankhwala a ng'anga. Bambo akayamba kufika usiku, mwana akadwaladwala, malonda akavuta pa msika, ena a ife timapemphera masana, koma kukada tigogoda kwa ng'anga. Kunja yunifomu ya Chigwirizano, m'chiuno chithumwa. Amayi, mapanga awiri avumbwitsa. Mavuto amenewa ndi owawa ndithu, ndipo sitikuwachepetsa. Mwana wodwala mupite naye ku chipatala mukupemphera. Nkhani ya banja muitule kwa alangizi, kwa akulu a mpingo kapena kwa abusa. Koma kubwerera ku zimene munazikana pa maso pa mpingo ndiko kucheuka.

Chachitatu chimaoneka pa maliro. Mlongo wathu akamwalira, tilira naye mlamu wathu pa mphasa imodzi. Titachoka ku manda, ndife tomwe tiyamba kuwerenga mipando, mbale ndi malata. Ngakhale lamulo la dziko lathu la Zambia la chaka cha 1989 limateteza amasiye pamene munthu wamwalira osasiya wilo: magawo 50 pa 100 ndi a ana, 20 a mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 a makolo, ndi 10 a ena amene ankadalira malemuyo. Ngati boma likuletsa kulanda, nanga Mulungu? Mneneri Ezekieli akuti tchimo la Sodomu linali kunyada, kukhuta ndi kusasamala osauka (16:49). Yakobo 1:27 akuika pamodzi zinthu ziwiri, kucheza ndi ana amasiye ndi akazi amasiye m'masautso awo, ndi kudzisunga osadetsedwa ndi dziko.

Kusiya za dziko sikuthawa ntchito

Wina angafunse kuti, kodi ndisiye malonda anga? Ayi. Lidiya anali wogulitsa nsalu zofiirira za mtengo wapatali, ndipo Ambuye atatsegula mtima wake, nyumba yake inalandira atumiki a Mulungu (Machitidwe 16:14-15). Yesu sanapemphe Atate kuti atichotse m'dziko, koma kuti atisunge kwa woipayo (Yohane 17:15). Limani, gulitsani, mangani. Koma muzigwire zimenezi monga mlendo agwira katundu wa pa ulendo, wokonzeka kuzitula akaitanidwa.

Tikonzeke bwanji?

Tisasokoneze apa. Moyo wosatha sitiugula ndi makhalidwe abwino, ndi mphatso ya chisomo mwa Khristu. Monga angelo aja anagwira dzanja la banja lozengereza, Mulungu ndiye amayamba kutigwira. Katekisima wa Heidelberg, wolembedwa mu 1563, amaphunzitsa pa mafunso 88 mpaka 90 kuti kutembenuka mtima kuli ndi mbali ziwiri, kufa kwa munthu wakale ndi kuuka kwa munthu watsopano. Tidana ndi tchimo ndi kulithawa, ndipo tikondwera mwa Mulungu ndi kufuna kuchita chifuniro chake. Wothawa chabe osakonda kumene akupita, adzacheuka.

Choncho sabata lino chitani izi. Mutchule kwa Mulungu m'pemphero chinthu chenichenicho chimene chimakucheutsani, osangoti "machimo anga". Ngati muli ndi chithumwa, mupite nacho kwa abusa kapena akulu a mpingo. Ngati m'nyumba mwanu muli katundu wa amasiye, mubweze. Ngati muli ndi ngongole yobisa, muiulule kwa amuna anu. Ndipo musagone musanawerenge Mawu pamodzi ndi ana anu, pakuti iwo akuona kumene maso anu amayang'ana.

Tsiku la Ambuye silidzagogoda. Ambiri amene tinkaimba nawo m'Chigwirizano anatsogola kale, ena osadwala n'komwe. Dzanja limene lakugwirani ndi lamphamvu. Musalitaye chifukwa cha zinthu zimene zidzapsa.

Mafunso okambirana

1. Chifukwa chiyani Yesu anatchula ntchito wamba pofotokoza za Sodomu?
2. Kupatula zitatu zatchulidwazi, ndi ziti zina zimene zimacheutsa amayi a mpingo wathu?
3. Tingamuthandize bwanji mnzathu amene wabwerera m'mbuyo, popanda kumuchita miseche?

Pemphero

Atate wathu wa Kumwamba, tikuyamikani chifukwa munatigwira dzanja tili ozengereza. Tikhululukireni pamene tacheukira zimene munatitulutsamo. Mzimu wanu alimbitse mapazi athu, ndipo mitima yathu ikhumbe kwathu kumene Yesu anatikonzera. M'dzina lake tapempha. Amen.