Field day: mafunso ndi mayankho kwa alimi a ku Kasiya

Mlangizi akati "Lachinayi kuli field day", amatanthauza chiyani?

Amatanthauza kuti alimi mukakumane kumunda, osati pabwalo la amfumu kapena kusukulu. Pa Chichewa ambiri timati chionetsero cha zaulimi. Munda wake umakhala wachitsanzo, kawirikawiri wa mlimi mnzanu wa m'mudzi momwemo, ndipo amaugawa ndime. Ndime ina muli chimanga chobzala Sasakawa, njere imodzi paphando, mapando otalikirana masentimita 25 pamizere ya masentimita 75. Ndime ina abzala mwachizolowezi, zitatuzitatu. Anthu amayenda ndime ndi ndime, kuona, kugwira zisononkho, kufunsa mwini munda.

Kodi mawuwa anayambira ku ulimi?

Ayi. Ku Britain m'zaka za m'ma 1700 linali tsiku limene asilikali ankatuluka kukayeserera nkhondo pabwalo. Ku America masukulu amatchula choncho tsiku la masewera. M'nyuzipepala za Chingerezi mukawerenga kuti atolankhani anali ndi field day, ndiye kuti anapeza nkhani yoitafuna mmene angafunire. Kwathu kuno mawuwa anakhazikika pa ulimi.

Nanga chimasiyana bwanji ndi chionetsero cha ku Chichiri ku Blantyre?

Ku Chichiri zokolola ndi makina amapita nazo kwa anthu, zitasankhidwa kale zokongola. Pa field day anthu ndi amene amapita kumene mbewu ili.

N'chifukwa chiyani chimachitika nthawi ya dzinja, ntchito ili pakamwa?

Chifukwa ndi pamene mbewu imaonetsa zoona zake. Kuyambira February mpaka April chimanga chimakhala chitabereka, mtedza wayanga, soya wadzaza. Ndime imene mbozi zinalowa imaoneka, imene munathira manyowa a Mbeya imaonekanso. Mukadikira mpaka June, mwatsala ndi mapesi ndi nkhani za pakamwa.

Amakonza ndani?

Alangizi aboma ndi alimi otsogolera, mabungwe, a ARET pa nkhani ya fodya, komanso makampani ogulitsa mbewu. Ife a kuno tili ndi mwayi, chifukwa malo a kafukufuku a Chitedze, amene anakhazikitsidwa mu 1948, ali pamsewu wa ku Mchinji pomwepa. Mtedza wa CG7, womwe unatulutsidwa mu 1990, unayesedwa kumeneko usanafike m'minda ya ku Nsaru, Kabudula ndi Mpingu.

Kodi kumakhala alawansi?

Funsoli limamveka kwambiri, ndipo limandipweteka mtima. Nthawi zina kumakhala zoziziritsa kukhosi, magule ndi masewero, koma si msonkhano wolandirirako zinthu. Choipa china n'chakuti akuluakulu akachuluka, malankhulidwe amadya tsiku lonse, kumunda n'kungodutsako mothamanga dzuwa litapendeka. Okonza ayenera kuyambira kumunda, zolankhula pambuyo. Amayi nawo apatsidwe mpata wofunsa, poti kupalira, kukumba mtedza ndi kuswa, ambiri mwa ogwira ntchitozi ndi iwo.

Ndikapita, ndikafunse chiyani?

Mukafunse tsiku limene anabzala, matumba a feteleza amene anathira, amene anagula fetelezayo, ndiponso anthu angati anapalira. Munda wa kampani umadyetsedwa mokwanira, wanu mwina ayi. Mukafunsenso ngati mbewuyo imalola kubzala yobwereza chaka chamawa, ngati imalimba ku anankafumbwe m'nkhokwe, komanso ngati imakonoka bwino mumtondo.