Dzanzi m'manja onse awiri: muyambire pati

Dzanzi logwira munthu amene wagonera mkono silichedwa kutha. Koma likamabwera tsiku ndi tsiku m'manja onse awiri, nthawi zambiri ndiye kuti mtsempha wotumiza mauthenga wapanikizika penapake kapena ukuwonongeka. Mphini sizingauchiritse.

Choyamba, zindikirani zala zimene zikuchita dzanzi. Likakhala pa chala chachikulu, cha mkombaphala ndi chapakati, kakang'ono kali bwinobwino, kawirikawiri mtsempha wafinyika pomwe timavala wotchi. Madokotala amati carpal tunnel syndrome. Limakudzutsani pakati pa usiku, mpaka mukutumule manja kuti lithe. Limakonda amayi oyembekezera, odwala shuga ndi anthu ogwira ntchito yopinda dzanja tsiku lonse. Kuvala chogwiriziza kuti dzanja lisapindike pogona kumathandiza, ndipo kwa oyembekezera ambiri limatha akachira. Likakhala pa kachala kakang'ono ndi choyandikana nacho, kawirikawiri vuto lili pachigongono, lekani kuchitsamira.

Kenako ganizirani mapazi. Ngati dzanzi kapena kutentha kudayambira kumapazi n'kudzafika m'manja pambuyo pake, kayezetseni shuga, ngakhale mukudziona athanzi. Ambiri amakhala nayo zaka osadziwa. Kuchepa kwa vitamini B12, kachirombo ka HIV ndi mowa wochuluka, kachasu yemwe, zimawononga mitsempha mofananamo.

Mankhwala amene mukumwa ndiwo anthu amaiwala kutchula. Isoniazid, yemwe ali m'mankhwala ochiza ndi oteteza TB, amatha kubweretsa dzanzi. N'chifukwa chake amaperekedwa limodzi ndi pyridoxine, yemwe ndi vitamini B6. Metformin wa shuga naye amachepetsa B12 akamwedwa zaka zambiri. Chonde musasiye mankhwala panokha, makamaka a TB. Tengani mabotolo onse ndi buku lanu la kuchipatala, mukawaonetse adokotala.

Musaiwale khosi. Mafupa ake akaperepeseka amatha kupana mtsempha waukulu wa msana: manja amalephera kumanga mabatani, zinthu zimagwa, miyendo imayenda mwadzandidzandi. Apa musazengereze, chifukwa mtsempha umenewu ukawonongeka subwereramo msanga. Dzivuleninso pamalo owala, mudziyang'ane khungu. Zigamba zotuwa zimene sizimva kukhudza zingakhale khate, lomwe limachizika ndi mankhwala.

Podikira tsiku lopita kuchipatala, samalani ndi moto. Dzanja la dzanzi limapsa mwini wake osamva, choncho phulani mphika ndi kansalu.

Pali zizindikiro zosadikira kuti kuche. Dzanzi lobwera mwadzidzidzi mbali imodzi ya thupi, pakamwa kupotoka, lilime kulemera: ingakhale sitiroko. Chimodzimodzi kufooka kokwera kuchokera kumiyendo m'masiku ochepa, makamaka kupuma kukayamba kuvuta. Pezani galimoto kapena njinga yamoto nthawi yomweyo.