Phunziro 6: Doko la Nacala ndi Anthu Okhudzidwa

Dziko lathu lilibe doko la pa nyanja yamchere. Mafuta ndi feteleza zimadzera ku Beira, Dar es Salaam kapena Nacala. Choncho zochitika pa madokowa zimamveka mpaka pa mtengo wa minibasi ya ku Kawale.

Tione za Nacala. Kampani ya Vale ya ku Brazil inkakumba malasha ku Moatize, m'chigawo cha Tete. Pofuna kuwatumiza kunja, inamanga doko la Nacala-a-Velha ndi njanji yodutsa m'dziko muno, kuchokera ku Kachaso kukalumikiza ku Nkaya. Kenaka maiko ambiri anayamba kuchepetsa malasha chifukwa utsi wake ukusintha nyengo. Vale inaganiza zochoka m'malonda a malasha, ndipo mu 2022 inagulitsa mgodi ndi njanjiyo kwa kampani ya Vulcan pa mtengo wa madola 270 miliyoni.

Kusiya malasha nkwabwino, koma ndani amafunsidwa eni ake akamasintha? Boma, makampani ndi mabanki mpando wao umakhalapo kale. Amene amaiwalika ndi mlimi wosamutsidwa, wantchito ndi mai wokhala m'mbali mwa njanji. M'zaka za 2009 ndi 2010 mabanja oposa 1,300 anasamutsidwa ku Moatize, ambiri kupita ku Cateme. Kumeneko anadandaula za nyumba zong'aluka, minda yosabereka ndi kutalikira msika. Mu Januwale 2012 anthu mazanamazana anatseka njanji, apolisi nkuwabalalitsa. Akanawamvera poyamba, zinthu sizikanafika pamenepo.

Tisati izi nzakutali. Mu 2024 sitima yonyamula mafuta kuchokera ku Nacala inafikanso ku Kanengo patapita zaka zoposa 20. Anzathu a ku Mgona ndi Area 25 ayandikana ndi njanji komanso matanki a mafuta, ndiye kuti naonso ndi okhudzidwa. Lamulo loteteza chilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito zikuluzikulu ziyambe zaunikidwa, ndipo pounikapo anthu afunsidwe. Papa Fransisko, m'kalata ya Laudato Si' ya 2015, anaphunzitsanso kuti eni dera ndiwo oyamba kumveredwa. Koma msonkhano woitanira mfumu yokha, kapena wochitika m'Chingerezi ku hotela, sikufunsa anthu ai.

Kambiranani pa mphakati: ntchito yomaliza imene inabwera m'dera lanu, anaitanidwa ndani? Amai analankhulapo? Lembani zimene munalonjezedwa ndi tsiku lake, mukapereke kwa khansala ndi ku komiti ya chilungamo ndi mtendere ya parishi yanu.