Ulendo wa ku MBA Umayambira pa Pepala la Kumudzi

Seputembala akamafika pakati, sukulu zambiri zikuluzikulu za bizinesi ku America ndi ku Ulaya zimakhala zatseka gawo loyamba lolandira makalata ofunsira malo a MBA. Gawo lachiwiri limatseka kumayambiriro kwa Januwale, anthu asanatsitse n'komwe zokongoletsa za Khirisimasi. Mmalawi wa ku Leeds, ku Dublin, ku Johannesburg kapena ku Indiana amene wayamba kuiganizira nkhaniyi mu Ogasiti, gawo loyambalo lamupita kale. Kukonzekera kumadya chaka chathunthu, ndipo chimene chimachedwetsa ambiri ndi pepala limodzi lochokera kumudzi.

Pepalalo ndi transikiripiti, ndandanda wa magiredi onse a ku yunivesite. Mu 2021 University of Malawi idagawidwa: Polytechnic idasanduka MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zidapanga KUHeS, ndipo dzina lakale lidatsalira ku Zomba. Choncho amene adamaliza ku Poly mu 2016 ali ndi digiri ya dzina lina, pomwe sukulu yake lero ili ndi dzina linanso. Wowerenga mafomu ku Boston sangazidziwe zimenezi payekha, n'chifukwa chake ndi bwino kuzifotokoza m'mizere iwiri pamalo olembapo zowonjezera. Pepalalo liitanitsidwe miyezi ingapo nthawi isanakwane, ndipo m'bale wodalirika azikafika ku ofesi pamaso m'malo modalira imelo yokha. Magiredi asasinthidwe kukhala GPA ya ku America mongoganizira. Sukulu ikafuna kuti aunikidwe, alipo mabungwe a ntchito imeneyo: WES ku America ndi ku Canada, UK ENIC ku Britain, SAQA ku South Africa.

Kenako mayeso. GMAT yatsopano, imene idayamba kumapeto kwa 2023, ili ndi zigawo zitatu za mphindi 45 chilichonse: masamu, kumvetsa Chingerezi cholembedwa, ndi kutanthauzira matebulo ndi magirafu. Mafunso onse ndi 64, ndipo malikisi amayambira pa 205 kulekeza pa 805. Zotsatira zimagwira ntchito zaka zisanu, pomwe za mayeso a Chingerezi a IELTS ndi TOEFL zimatha pakapita zaka ziwiri zokha. Sukulu zambiri zimalandiranso GRE. Masamu a GMAT saposa kwenikweni a ku sekondale, koma amafunsidwa mokhotakhota ndipo wotchi siidikira munthu. Amene amagwira mashifiti ausiku achita bwino kupatula ola limodzi tsiku lililonse kwa miyezi itatu kapena inayi kusiyana n'kudzipanikiza masabata awiri omaliza.

Koma malikisi amangofikitsa munthu pakhomo. Ku Stanford, komwe kalasi imakhala ya anthu opitirira pang'ono 400, ofunsira oposa 90 pa 100 alionse amabwezedwa, ndipo ambiri mwa iwo mayeso adakhoza bwino lomwe. Chimene chimasiyanitsa anthu ndi nkhani imene alemba ya moyo wawo. Apa ndi pamene Mmalawi amapunthwa, ndipo chomupunthwitsa ndi khalidwe labwino limene adaleredwa nalo.

Mwana wa kwathu amakula akuuzidwa kuti kudzitama n'kupanda mwambo. Akafunsidwa zimene adachita pantchito amati “tidayesetsa”, “tidathandizana”, “Mulungu adatikomera mtima”. Zonsezo n'zoona, koma komiti yosankha ikufuna kudziwa chimene iyeyo adachita ndi manja ake. Mayi amene adayamba ngati wosamalira okalamba ku Manchester, lero n'kumakonza ndandanda wa mashifiti a anzake makumi awiri, nthawi zambiri amaibisa ntchitoyo pa CV poganiza kuti njonyozeka. Chonsecho utsogoleri ndi umenewo: kudzutsidwa 5 koloko m'mawa chifukwa awiri sanabwere, kupeza owalowa m'malo, kuziziritsa mtima wa banja lokwiya, bajeti osaiphonya. Chimodzimodzi msungichuma wa bungwe la Amalawi amene adasonkhanitsa ndalama zotumizira maliro kumudzi m'masiku anayi, kapena mnyamata amene amayendetsa chipereganyu cha anthu khumi ndi awiri popanda mkangano. Zilembedwe ndi manambala ake enieni: anthu angati, ndalama zingati, chidasintha n'chiyani.

Stanford imafunsa wofunsira malo chimene amachiona chofunika koposa pa moyo wake, ndi chifukwa chake. Yankho lofooka ndi lija loti “ndikufuna kutukula Africa”, poti owerengawo aliona kambirimbiri. Lamphamvu limatchula chinthu chogwirika, monga mtedza wa ku Mchinji umene umalephera kulowa m'misika ya ku Ulaya chifukwa cha chuku, ndi zimene wolembayo akufuna kuchitapo akamaliza. Pali msampha winanso, wogulitsa umphawi. Nkhani yoyenda wapansi kupita kusukulu ili ndi malo ake ngati ndi yoona, koma isadzaze tsamba lonse mpaka munthu wamkulu wa lero osaonekanso.

Makalata a umboni amakhala awiri m'sukulu zambiri, ndipo mmodzi mwa olemba akhale bwana amene amayang'anira wofunsirayo tsiku ndi tsiku. Kalata ya nduna kapena ya abusa amene sanamuonepo ali pantchito ilibe mphamvu, ngakhale dzina litakula bwanji. Ku Harvard, woitanidwa kukacheza ndi komiti amapatsidwa mphindi 30, kenako n'kulemba maganizo ake pa kuchezako pasanathe maola 24.

Tsono ndalama. Walira mvula walira matope: chaka chimodzi ku Harvard, kuphatikiza malo ogona ndi chakudya, chimapitirira madola 100,000, ndipo maphunzirowo ndi a zaka ziwiri. Pafupifupi theka la ophunzira kumeneko amalandira thandizo molingana ndi kusowa kwawo, choncho mtengowo usamuthawitse munthu asanafunse. Ku Ulaya nthawi njofupika: INSEAD, ya ku Fontainebleau ndi ku Singapore, ndi miyezi khumi, Oxford Saïd ndi Cambridge Judge chaka chimodzi. INSEAD imasamala za zilankhulo zimene munthu amadziwa kupatula Chingerezi, ndiye wofunsira awalembere msanga kuti amve mmene adzawerengere Chichewa chake. Sikolashipu ya Chevening imalipirira MBA koma fizi imalekeza pa mapaundi 22,000, imafuna zaka ziwiri za ntchito, ndipo wolandira amalonjeza kubwerera kwawo kwa zaka ziwiri. Amene adatenga kale unzika wa Britain sangaipeze. Ngongole ya m'madola nayo iganiziridwe mofatsa ndi aliyense wofuna kukagwira ntchito kumudzi, pokumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha idagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi.

Pali bajeti ina imene fomu ya sukulu siifunsa: fizi ya adzukulu, feteleza wa amayi, lendi ya mng'ono ku Ndirande. Munthu akasiya ntchito chaka chimodzi kapena ziwiri, thandizolo limaima. Nkhaniyi ikambidwe ndi abale poyera ulendo usanayambe.

Za viza zisasiyidwe kumapeto. Kuyambira Januwale 2024, ophunzira ambiri a masitazi ku Britain saloledwa kubweretsa mkazi, mwamuna kapena ana pa viza yawo. Malamulo a ku America okhudza Amalawi akhwima kuyambira 2025, kotero munthu aone kaye zimene ofesi ya kazembe ikunena asanalipire ndalama yofunsira malo.

Amene ali ku South Africa asaone patali pokha. GIBS ili ku Illovo, Wits Business School ku Parktown, ya UCT ili pa doko la Cape Town, ndipo zili ndi makalasi a anthu amene ali pantchito. Kumeneko MBA imafuna digiri ya honours kapena dipuloma yapamwamba yofanana nayo, ndiye wa digiri ya zaka zinayi ya ku Zomba kapena ku Mzuzu ayambe watumiza mapepala ake ku SAQA kuti adziwe mlingo umene amuikapo, asanagule buku lililonse la GMAT.