TULO TA MWANA WA SUKULU

Phunziro la makolo ndi akulu a mpingo
Kuwerenga: 1 Samueli 3:1-18, Masalmo 4, Masalmo 127

Pa sukulu iri yonse ya ku mudzi pali mwana amene aphunzitsi amucha waulesi. Afika mocedwa, ndipo dzuwa lisanafike pamutu iye wayamba kale kusinza, mutu uli pa desiki. Akafunsidwa zimene anaphunzira dzulo, sakumbukira kanthu. Kwao amai ace amucha wosamvera, pakuti usiku angotembenuka-tembenuka pa mphasa, apempha madzi, kapena alira kuti waona cinthu pakhomo. Kawiri kawiri mwana wotere sali waulesi kapena wamwano iai, koma asowa tulo. Akapitirira motero caka cathunthu alephera mayeso, abwereza kalasi, ndipo potsiriza pace aleka sukulu, anthu nanena kuti analibe nzeru. Cifukwa cace makolo ayenera kulingalira za tulo ta ana ao monga alingalira za cakudya ndi zobvala.

Cimene cicitika mwana ali m'tulo

Anthu ambiri ayesa kuti pogona thupi liribe nchito. Koma madokotala amene apima ana ogona apeza kuti nchito yaikuru icitika nthawi yomweyo. M'maora oyamba a usiku, pamene mwana ali m'tulo tofa nato, thupi lituruka m'mwazi cinthu cimene cikulitsa mafupa ndi minofu, ndiponso likonza mphamvu zace zolimbana ndi matenda. Ubongo nao usonkhanitsa zimene mwanayo anaphunzira usana, nuzisunga bwino. Cimanga cosiyidwa m'munda cidyedwa ndi ciswe, koma coikidwa m'nkhokwe cifika dzinja. Momwemonso phunziro la lero lilowa m'nkhokwe yace usiku. Mwana wogona pang'ono ataya zambiri zimene mphunzitsi anabvutika nazo.

Munthu wamkuru akasowa tulo aodzera, koma mwana nthawi zina acita zosiyana. Asanduka wopsa mtima msanga, wandeu, wosatha kukhala malo amodzi, wolira pa kanthu kakang'ono. Makolo osadziwa ici aonjezera cilango, pamene mankhwala ace anali kumgoneka msanga.

Maora angati?

M'caka ca 2016 bungwe la madokotala a za tulo la ku America, lochedwa American Academy of Sleep Medicine, linalengeza muyeso uwu: mwana wa zaka 6 kufikira 12 agone maora 9 kufikira 12 tsiku liri lonse, ndipo wa zaka 13 kufikira 18 agone maora 8 kufikira 10. Kholo liwerenge cobwerera m'mbuyo kucokera pa nthawi youka. Mwana wa zaka 8 amene auka 5 koloko m'mawa kuti ayende ulendo wautali wa ku sukulu ayenera kukhala ali m'tulo pofika 8 koloko madzulo, ndipo amenewo ndiwo maora 9 okha, muyeso wocepetsetsa. Popeza m'dziko la Zambia dzuwa lilowa pafupi ndi 6 koloko caka conse, patsala maora awiri okha a kusamba, kudya ndi kupemphera. Nsima ikacedwa kupsa, tulo ta mwana tacepa kale.

Zinthu ziwiri ziitana tulo. Coyamba ndico kutopa kumene kuunjikana m'thupi kuyambira m'mawa. Caciwiri ndiwo mdima: kukada, ubongo uturutsa cinthu cochedwa melatonin, cimene ciuza thupi kuti usiku wafika. Thupi likazolowera kugona nthawi imodzimodzi masiku onse, tulo tibwera tokha pa nthawi yomweyo, monga nkhuku zilowa zokha m'khola madzulo. Koma palibe munthu angathe kudzikakamiza kugona. Mwana woopsezedwa kuti akwapulidwa akapanda kugona, mtima wace ugunda kwambiri, ndipo tulo tithawiratu. Nchito ya kholo ndiyo kucotsa zopinga ndi kukonzera tulo malo.

Zimene zithamangitsa tulo

1. Zosautsa thupi. Mwana wogona ndi njala acedwa kuona tulo; mbatata yophika kapena phala pang'ono zimthandiza. Udzudzu umdzutsa kawiri kawiri, ndipo umene upatsa malungo uluma maka-maka usiku; tero agone m'kati mwa ukonde wosang'ambika, wopisidwa bwino pansi pa mphasa. Nsikidzi zibisala m'mphasa ndi m'ming'alu ya cipupa, ndipo zofunda ziyenera kuyanikidwa pa dzuwa. Mphere ziyabwa koposa usiku. Palinso tinjoka tating'ono toyera ngati ulusi timene tituruka usiku kudzaikira mazira kumalo kodzithandizira. Mwana wodzikanda kumeneko pogona apite ku cipatala, kumene mankhwala ace apezeka. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julai mwana apatsidwe copfunda cokwanira, koma mbaula ya makala isasiyidwe m'nyumba yotseka, pakuti ituruka mpweya wosaoneka ndi wosanunkha umene upha anthu ali m'tulo.

2. Zakumwa. Tiyi, khofi ndi zakumwa za m'botolo za mtundu wa kola ziri ndi cinthu cochedwa caffeine, cimene ciletsa thupi kumva kutopa kwace, ndipo cikhala m'mwazi maora ambiri. Tiyi wa madzulo akhoza kusunga mwana maso kufikira pakati pa usiku.

3. Kuwala ndi phokoso. Lamya ya m'manja, imene ambiri aicha foni, yafika ndi m'midzi yomwe. Kuwala kwace pafupi ndi maso kucedwetsa melatonin, ndipo zithunzi zace zidzutsa maganizo. Bvuto ili likula ku gowero, kumene ana okulirapo agona paokha kopanda wowayang'anira: foni imodzi isunga ana asanu maso kufikira tambala woyamba. Pa msinkhu wa zaka 13 kumka m'tsogolo thupi leni leni liyamba kucedwa kumva tulo, ndipo foni iipitsa cimene cinali cobvuta kale. Nkwabwino kuti izimitsidwe ora limodzi isanakwane nthawi yogona, nigone m'nyumba ya makolo.

4. Mantha ndi nkhawa. Ici ndico copinga cimene makolo aciona mocedwa. Akuru akaceza pamoto za mfiti ndi afisi, mwana akhala cete ngati sakumva, koma atola mau onse napita nao pa mphasa. Kadzidzi akalira pa denga, iye ayesa kuti zija zafika. Wina aopa mphunzitsi waukali, kapena anzace omseka cifukwa ca malaya ong'ambika. Wina amva atate ndi amai ace alikukangana kuseri kwa cipupa. Wina wataya mbale wace, ndipo aopa kutseka maso cifukwa anauzidwa kuti womwalirayo wangogona.

Citsanzo ca Eli

Buku loyamba la Samueli lisimba za mwana amene anauka katatu usiku umodzi. Samueli anagona m'nyumba ya Mulungu ku Silo, kutali ndi amai ace, namva dzina lace liitanidwa, nathamangira kwa Eli. Eli anali nkhalamba ya maso akhungu-khungu, yofuna kupumula. Komabe podzutsidwa kawiri sanakalipe, anangombweza mwanayo kukagona. Kacitatu analingalira bwino, nazindikira cimene cinali kucitika, namuuza cocita. Kutaca Samueli anaopa kunena zimene anamva, ndipo Eli ndiye anayamba kumuitana ndi kumfunsa.

Sikuti mwana ali yense wosowa tulo aitanidwa monga Samueli. Koma pa macitidwe a Eli makolo aphunzirapo zitatu. Mwana wobwera usiku alandiridwe mofatsa. Abwezedwe pa mphasa pace ndi mau ocepa, kuti azolowere kugona pa malo ace. Ndipo kukaca afunsidwe cimene cimsautsa, pakuti mdima ukuza zinthu, koma usana mwana akhoza kulongosola. Mai angathe kunena ali kutsuka mbale, kopanda ena omvera: “Mwana wanga, dzulo sunagone bwino. Ciri kukubvuta nciani?” Kawiri kawiri yankho likhala laling'ono, longa ngongole ya pensulo kapena mthunzi wa malaya opacikidwa pa msomali, ndipo likacotsedwa tulo tibwerera.

Mwambo wa madzulo

Akale anati m'mera mpoyamba. Banja likhazike mwambo umodzi wa madzulo, wosasintha-sintha. Nchito ya ku sukulu ilembedwe dzuwa lisanalowe. Kutunga madzi ndi kutsekera ziweto kuthe msanga, ndipo cakudya ca ana ciyambe kupsa, ngakhale atate asanabwere. Atadya, ana asambe, amve nthano yosaopsa kapena mau a m'Buku Lopatulika, ndipo banja lipemphere pamodzi pemphero lalifupi, lochula maina a ana ndi zimene ziwadetsa nkhawa. Pamenepo nyali izimitsidwe. Kwa mwana woopa mdima isiyidwe yoyaka pang'ono, yoikidwa patali ndi maso ace.

Masewera a pa mwezi ndi abwino, koma asungidwire usiku wa Lacisanu ndi masiku a chuthi. Pa Loweruka ndi pa Sabata nthawi youka isasiyane kwambiri ndi ya masiku ena, kuti Lolemba lisabvute. Akulu a mpingo nao ali ndi mbali yao: maphunziro a kwaya ya ana athe kusanade, ndipo pa maliro kapena pa mapemphero ocezera usiku wonse ana a sukulu apezeredwe pogona.

Salmo 4 ndi pemphero la madzulo la munthu wozingidwa ndi masautso, amene agona mtima uli pansi cifukwa adziwa womsunga. Salmo 127 licenjeza za kudzitopetsa ndi nkhawa usiku ndi usana, niliwerengera tulo pakati pa mphatso za Mulungu, pamodzi ndi ana omwe. Mwana aphunzira cikhulupiriro cotere poona nkhope ya kholo lace pa nthawi ya kuzima nyali.

Kudzidzimuka usiku, ndi nthawi yopita ku cipatala

Ana ena, atagona ora limodzi kapena atatu, adzuka mwadzidzidzi napfuula, maso ali tong'o, thukuta liri kamu-kamu, osazindikira amai ao. Ena ayenda ali m'tulo. Kukaca sakumbukira kanthu. Makolo ambiri ayesa kuti mwana walodzedwa, nataya ndalama kwa sing'anga, nadana ndi anansi osalakwa. Koma ici cicitika pamene ubongo uli pakati pa tulo tatikuru ndi kuuka. Cicuruka mwana akatopa kopitirira, ndipo mwa ana ambiri citha cokha akamakula. Asamgwedeze kuti auke. Amteteze ku moto ndi ku citsime, nambweze pa mphasa mofatsa. Kukodza pogona nakonso sikucitika mwadala, ndipo kumenya kapena kumcititsa manyazi kungoonjezera mantha.

Koma pali zizindikiro zosayenera kulekerera. Mwana wotentha thupi amene auma, agwedezeka manja ndi miyendo, kapena abvuta kudzutsa, apite ku cipatala usiku womwewo, pakuti angakhale malungo akuru. Woliza mkonono masiku onse, amene mpweya wace uima-ima pogona, apimidwe pakhosi. M'cigwa ca Luangwa muli kashembe wofalitsa nthenda ya kaodzera. Kacirombo ka mtundu umenewu kanadziwika m'caka ca 1910 mwa munthu amene anaitenga m'cigwa comweco. Tsono mwana wa kumeneko amene adwala mutu, atentha thupi, agona usana nakhala maso usiku, atengedwe msanga kukapimidwa mwazi. Ndiponso mwana ali yense amene alephera kugona masiku 3 kapena oposa pa sabata kwa miyezi 3 aonedwe ndi dokotala. Mowa kapena mankhwala ogonetsa a munthu wamkuru asapatsidwe kwa mwana nthawi iri yonse.

Kholo losauka silingathe kugulira mwana wace mabuku onse, koma lingathe kumpatsa mphasa youma, mimba yosalira njala, nyumba yopanda ndeu ndi pemphero la madzulo. Mwana wolandira izi auka m'mawa ndi mutu wopepuka, ndipo mphunzitsi apeza pobzala.

Mafunso okambirana

1. Kodi ana a m'mudzi uno auka nthawi yanji, ndipo ayenera kugona nthawi yanji kuti akwanitse maora 9?
2. Ndani ayang'anira ana ogona ku gowero?
3. Kodi Eli anacita ciani usiku, ndipo anacita ciani kutaca?
4. Ndi nkhani zotani zimene akuru ayenera kuleka kukamba ana ali pafupi?
5. Kodi mpingo ungasinthe ciani pa nthawi za misonkhano yace kuti ana a sukulu agone mokwanira?