Kodi Kugawana Pasiwedi ya Netflix N'kuba?

WOULUTSA: Kalata yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Ndirande. Akuti: "Mwana wanga ali ku Johannesburg ndipo amalipira Netflix. Anandipatsa pasiwedi yake kuti ndizionera mafilimu ndi adzukulu. Mnzanga wa kumvano wandiuza kuti kumeneku n'kuba. Tulo sindikutiona. Kodi ndine wakuba?" Achimwene, ayankheni mayiwa.

KATSWIRI: Zikomo. Mayi, khazikani mtima pansi. Wakuba amatenga chinthu mwiniwake asakudziwa, n'kumusiya chimanjamanja. Inu kiyi mwachita kupatsidwa ndi mwana wanu, dzuwa likuswa mtengo. Komabe sindikunamizani kuti palibe chalakwika. Potsegula akaunti, mwana wanu anavomera pangano lakuti idzagwiritsidwa ntchito ndi anthu okhala nyumba imodzi. Ndirande ndi Johannesburg si nyumba imodzi. Chaphwanyidwa apa ndi pangano, ndipo mlandu wake uli pakati pa mwana wanu ndi kampaniyo.

Kampaniyonso inachita kusintha mawanga. M'chaka cha 2017 inalemba yokha pa Twitter kuti kugawana pasiwedi ndi chikondi. Makasitomala atayamba kuchepa mu 2022, inadandaula kuti makomo oposa 100 miliyoni akuonera pa akaunti za ena. Kuyambira mu May 2023 inakhwimitsa zinthu, moti ku America munthu wokhala kwina anayamba kumulipirira $7.99 pamwezi. Nayo kampani ya MultiChoice mu March 2022 inalamula kuti DStv ya pa intaneti izionereredwa pa chipangizo chimodzi pa nthawi imodzi. Choncho tsiku lina TV yanu ikadzakana, musadzati mwana wakutayani.

WOULUTSA: Mwamva mayi. Yachiwiri yachokera kwa mnyamata wa ku Mchesi ku Lilongwe. Akuti: "Ndinagula pasiwedi kwa mkulu wina pagulu la WhatsApp pa mtengo wozizira. Ndaonera masabata awiri okha, pano sikulowanso ndipo foni yake sikupezeka. Ndikadandaule kuti?"

KATSWIRI: Aise, pepa, koma nkhani yako ndi ina. Funso loyamba ndi lakuti, mkuluyo pasiwedi anaitenga kuti? Ambiri ogulitsa motere amagawa akaunti imodzi kwa anthu ambirimbiri, ena amachita kuthyola akaunti za eni ake. Mwini akasintha pasiwedi, nonse mumagwa chagada. Kumeneko ndiye kuba kwenikweni, chifukwa pali munthu amene walandidwa chake ndipo wina akudyerapo. Kuno kwathu, lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa m'zinthu za pakompyuta za wina popanda chilolezo. Ku boma la Tennessee ku America anakhazikitsa lamulo mu 2011 lokhudza mapasiwedi otere, ndipo amene ankawasaka kwenikweni ndi ogulitsa mwa chipikuwa. Ukhoza kukanena ku polisi kuti wakubera ndalama, koma konzeka kufotokoza chomwe unkagula. Wogula nkhuku yakuba sadandaula kuti yawonda.

WOULUTSA: Nanga achimwene, opanga mafilimuwo sakuluza tikamagawana?

KATSWIRI: Akuluza ndithu, ndipo tisaiwale zimenezo. Filimu imadya ndalama, ndipo ochita sewero, ojambula ndi oimba amadikira zomwe olipira aponya. Kupatsa n'kuika, koma usamapatse cha mwini. Malangizo anga ndi awa: wa m'nyumba mwanu mpatseni, wakutali mulipirireni yake ngati thumba lilola, ndipo wogulitsa m'thaweni. Chinanso, pasiwedi yomwe mwagawa isafanane ndi ya imelo kapena ya kubanki, chifukwa mlamu amene mwamupatsa lero mawa aipereka kwa bwenzi lake.

WOULUTSA: Nthawi yatithera. Mayi a ku Ndirande, usiku uno gonani tulo. Enanu pitirizani kutilembera, tidzakumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomweyi.